Azimayi osefa golide ndi lamulo la Stokes

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, lero tiyambire kumtsinje. Mukatunga madzi amatope ku Luia m'dzinja n'kuwasiya mu ndowa, mchenga umakhala pansi nthawi yomweyo, koma madziwo amakhalabe ofiira mpaka mawa. Chifukwa chake chili ndi mbiri, ndipo mbiriyo inadutsa kwathu kuno.

M'zaka za m'ma 1700, Apwitikizi a ku Tete anatsegula migodi ya golide kumpoto kwa Zambezi, m'dziko la Undi. Migodiyi ankaitcha bares, ndipo umodzi wotchuka unali wa Mano. Ntchito yokumba ndi kusefa ankagwira makamaka ndi azimayi, ambiri mwa iwo akapolo. Ankaika dothi m'mbale yamtengo, kuthira madzi n'kumazunguza mpaka dothi ndi mchenga zitakokoloka, golide n'kutsalira pansi. M'zilankhulo za m'mbali mwa Zambezi golideyo ankamutcha ndalama, mawu omwe lero tikugulira mchere. Njira ya amalonda yopita kumpoto inadutsanso kuno: mu 1831 António Gamitto anadzera dera lino pa ulendo wa kwa Kazembe, n'chifukwa chake Mualadzi ankatchedwa Vila Gamito nthawi ya atsamunda.

Azimayiwo ankadziwa ndi manja kuti m'madzi zinthu sizimira mofanana. Masamu ake anadzalembedwa mu 1851 ndi George Gabriel Stokes, wobadwira ku Ireland mu 1819, yemwe ankaphunzitsa ku Cambridge. Iye sankafuna golide. Ankafufuza momwe mpweya umachedwetsera chitsulo cholendewera ngati cha wotchi, n'kupeza lamulo lokhudza kanthu kobulungira koyenda m'madzi, m'mafuta kapena mumpweya.

Lamulolo likuti: kanthu kakayamba kumira, kulemera kwake kumakakokera pansi, pamene madzi amakanyamula komanso amakagwira. Kakamathamanga, kugwirako kumakula, mpaka mphamvu ziwirizi zimafanana. Kuyambira pamenepo kamatsika ndi liwiro limodzi losasintha. Liwirolo limadalira zinthu zitatu. Choyamba ndi kukula: mukawirikiza kawiri kutambalala kwake, liwiro limawirikiza kanayi. Chachiwiri ndi kulemera kwake poyerekeza ndi madzi. Chachitatu ndi kunanda kwa madziwo, komwe mabuku a Chipwitikizi amati viscosidade. Uchi ndi wonanda kuposa mafuta ophikira, mafuta kuposa madzi.

Tsono werengerani. Golide amalemera kuwirikiza pafupifupi 19 kuposa madzi ochuluka mofanana, pamene mchenga ndi 2,65 basi. Mukachotsa gawo lomwe madzi amanyamula, mupeza kuti kafumbi ka golide kamamira mofulumira pafupifupi ka 11 kuposa kamchenga kofanana nako. Lamuloli limalondola bwino pa tinthu ting'onoting'ono toyenda pang'onopang'ono, osati pa miyala ikuluikulu. Mu 1909, Robert Millikan wa ku Chicago analigwiritsa ntchito poyeza timadontho ta mafuta totsika mumpweya, n'kupeza mphamvu ya magetsi ya elekitironi imodzi. Analandira mphoto ya Nobel mu 1923.

Kwa ife makolo phunziro lake n'lalikulu. Dongo ndi losalala kwambiri, choncho limatenga masiku kuti lidikhe. N'chifukwa chake matope a garimpo amadetsa mtsinje mpaka kutali kumunsi, komwe ena amatunga. Tizilombo ta kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba n'tating'ono komanso topepuka, moti sitimira n'komwe pa usiku umodzi. Madzi odikha amaoneka oyera, koma amafunikabe kuwiritsa kapena kuthira mankhwala mwana asanamwe.

Aphunzitsi, yesani izi m'kalasi. Tengani mabotolo awiri aatali oonekera, lina la madzi, lina la mafuta ophikira. Ponyani mikanda iwiri yofanana nthawi imodzi, ana aziwerenga mokweza. Kenaka ikani botolo la mafuta padzuwa litenthe, mubwereze. Mkanda utsika mofulumirako, chifukwa mafuta akatentha kunanda kumachepa. Muwafunse ana kuti afotokoze okha asanamve dzina la Stokes. Ndipo mukamalemba dzinalo pa bolodi, muwauzenso za azimayi a ku Mano, omwe mayina awo palibe analemba.