Mabuku Athu: Kuchokera m'Bokosi Kufika pa Foni

Ife a kuno ku Angónia njala ya mabuku timaidziwa. Mu 1909 amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mphatso, nayamba kuphunzitsa makolo athu kuwerenga. Koma mu 1922, chaka chomwe Buku Lopatulika linamalizidwa lathunthu, boma la Apwitikizi linatseka ntchitoyo. Taonani abale: buku lafika, mphunzitsi wathamangitsidwa!

Kuyambira pamenepo Akhristu ankaoloka malire kukapemphera m'mipingo ya Nkhoma ku Nyasaland, ndipo pobwerera ankatenga Baibulo, katekisma ndi buku la nyimbo. Nyumba yathu ya mabuku inali bokosi la mkulu wa mpingo, lobisidwa m'chipinda. Mkuluyo ndiye ankadziwa wobwereka ndi wosabweza, nawerengera mokweza amene sanadziwe malemba.

Nkhondo itabwera, ambiri tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, mabokosi aja nkupsa pamodzi ndi nyumba. Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992, ndipo mu 1994 sukulu ya zaubusa ya Hefsiba inayamba kuno ku Ulongwe. Tinasonkhanitsanso mabuku, koma ochuluka anali a Chipwitikizi ndi Chingerezi.

Lero zinthu zatembenuka. Chiyambire Movitel mu 2012, netiweki yalowa m'midzi yambiri. Buku Lopatulika lomwe agogo ankalibisa lili pa foni, ndipo maphunziro amayenda pa WhatsApp. Tikuthokoza Mulungu. Komatu foni imanyamula zoona ndi zabodza m'thumba limodzi, ndipo mayi amene wangodziwa kumene malemba amayesa kuti chilichonse cholembedwa nchoona. Ntchito ya wosunga mabuku tsopano si kugwira kiyi kokha ayi. Ndi kupeta, kuti ophunzira alandire ufa osati madeya.

Chinanso nachi: pa intaneti mudzapeza mbiri ya London, koma simudzapeza dzina la mkulu amene anasunga bokosi m'mudzi mwanu. Mbiri imeneyo ili m'mitu ya okalamba, ndipo tikuwaika m'manda chaka ndi chaka.

Tsono inu atsogoleri a makalasi, mwezi uno itanani gogo mmodzi. Mujambule mawu ake pa foni, ophunzira alembe m'kope zimene wanena, kenaka muziwerenge pamodzi iye akumva, kuti akonze polakwika. Foni imagwa m'madzi, choncho kopelo musunge kutchalitchi. Mukatero, bokosi lija mwalitsegulanso.