Intavyu ya Wenela Inalibe Funso la Malipiro

Masiku ano wofunsira ntchito amayembekezera funso lakuti, “Mungafune kumalandira ndalama zingati?” Azigogo athu amene ankalembedwa ndi Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni sankafunsidwa zimenezo. Munthu ankavula malaya, dokotala n'kumuyeza chifuwa ndi kumukweza pa sikelo. Akapezeka wamphamvu, ankadinda chala pa kontrakiti, nkhani n'kuthera pomwepo.

Malipiro anali atapangidwa kale ndi bungwe la eni migodi la Chamber of Mines. Wenela inakhazikitsidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 n'cholinga choti migodi isamalimbirane antchito, chifukwa ikalimbirana malipiro akanakwera. Mgodi wolipira kuposa mlingo umene anagwirizana unkalipitsidwa chindapusa. Katswiri wa zachuma Francis Wilson anapeza kuti mu 1969 malipiro a wantchito wakuda sankagula zambiri kuposa a mu 1911. Gawo lina la ndalamazo ankalisunga kuti mwini wake akalandirire kumudzi kontrakiti ikatha.

Kwa eni migodi, dongosololi linkayenda bwino zedi chifukwa phindu linkalowa. Dongosololi linasweka pa 4 April 1974, pamene ndege ya Wenela yopita ku Blantyre inagwa itangonyamuka ku Francistown, ku Botswana, ndipo Amalawi 74 obwerera kwawo anafa. Mafuta a ndegeyo anali atasakanikirana ndi a mtundu wina, kulakwa kumene kukanapeweka wina akanangoyang'ana bwino. Dr. Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu, ndipo Amalawi oposa 100,000 anabwerera kwawo.

Migodi itasowa antchito, mtengo wa golide utakweranso, malipiro anakwera kwambiri m'zaka zochepa. Ndalama zinalipo ndithu. Chinkasowa chinali mphamvu yokana.

Amalawi anayambiranso kupita mu 1977 kudzera ku bungwe lolemba antchito la Theba mpaka 1988, pamene mkangano wokhudza kuyeza HIV unatseka njirayo. Panthawiyi bungwe la antchito la NUM, lomwe linayamba mu 1982 Cyril Ramaphosa ali mlembi wamkulu, linali litakhala kale pansi ndi mabwana kukambirana malipiro.

Fumbi la pansi pa mgodi silinalembedwe mu kontrakiti, koma ambiri anabwerera nalo m'mapapo. Makampani a golide anavomera mu 2018 kupereka R5 biliyoni ya chipukutamisozi kwa odwala silicosis ndi chifuwa chachikulu, ena mwa iwo atamwalira kale.