Mafuta, Fumbi ndi Chopalira: Khungu la Ochita Masewera ku Greece Wakale

M'manda ambiri a amuna a ku Greece wakale, ofukula zakale amapezamo zida ziwiri zitagona pamodzi: kansupa kadothi kobulungira, kakamwa kakang'ono, ndi kachitsulo ka mkuwa kopindika ngati zenga, kokhala ndi kangalande m'kati mwake. Kansupako kanali ka mafuta a azitona, kachitsuloko kanali kopalira thupi. Pa miphika yojambulidwa ya ku Athens, zida zomwezi zimaoneka zitapachikidwa pakhoma limodzi ndi chinkhupule, ndipo wojambula akangoziika pamenepo aliyense ankadziwa kuti malowo ndi bwalo la masewera. Olemba mbiri akafika pa nkhaniyi amathamangira mafuta, poti ndiwo ankanyezimira, ndiwo anali a ndalama. Ine ndikuona kuti chimene chinkasunga khungu la munthu wophunzira masewera tsiku ndi tsiku chinali chopaliracho. Luso la Agiriki linagona pa kudziwa kuchotsa zimene adzola, ndipo kusankha chodzola kunali kotsatira chabe.

Mnyamata akafika pabwalo ankavula zovala zonse, chifukwa masewera ankachita ali maliseche. Thucydides, wolemba mbiri wa ku Athens, ananena kuti anthu a ku Sparta ndiwo anayamba kuvula poyera ndi kudzola mafuta pa masewera. Mnyamatayo ankadontheza mafuta m'chikhatho kuchokera m'kansupa kaja, n'kudzipaka kuyambira m'mapewa mpaka m'akakolo, kumsana n'kumuthandiza mnzake kapena kapolo. Akatero ankadziwaza fumbi losefedwa bwino, makamaka ngati anali wa masewera ogwetsana. Kenako ankalowa pa mchenga wogaulidwa ndi chikumbiro, n'kugwetsana, kudumpha kapena kuponyana nkhonya dzuwa likuswa mtengo. Pomaliza thupi lonse linkakhala litakutidwa ndi phala la mafuta, fumbi, thukuta, mwinanso magazi pang'ono. Apa m'pamene ankatenga chopalira, n'kuchikoka kuchokera paphewa kutsikira kudzanja, phala lija n'kumasonkhana m'kangalande, iye n'kulikankha ndi chala chachikulu kuti ligwe, n'kuyambanso. Atatha thupi lonse m'pamene ankasamba, kawirikawiri madzi ozizira a m'mabeseni amiyala.

Chimene chinachititsa kuti mafuta alande mbiri yonse n'chosavuta kuchiona: anali chuma. Pa masewera a Panathenaia ku Athens, omwe anakonzedwanso mu 566 BC, opambana ankalandira mafuta a azitona m'mitsuko yojambulidwa, uliwonse wa malita pafupifupi 38. Mwala wina wolembedwa m'zaka za m'ma 300 BC ukuonetsa kuti mnyamata wopambana pa liwiro ankatenga mitsuko 50, pamene mwini ngolo yopambana ya akavalo ankatenga 140. Palibe munthu akanadzola mafuta ochuluka chonchi, ndiye ankawagulitsa, ndipo n'chifukwa chake mitsukoyi yapezeka kutali ndi Athens, mpaka ku Italy ndi kumpoto kwa Africa. M'mizinda yambiri, woyang'anira bwalo la masewera ankasankhidwa pakati pa anthu olemera, chifukwa nthawi zambiri mafuta a anyamata onse ankagula ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo mzinda unkamuthokoza polemba dzina lake pamwala. Wopereka mafuta ankakumbukiridwa. Kupala thupi, poti aliyense ankadzichitira yekha ndi chida chake, kunalibe woti n'kumuthokoza, choncho sikunalembedwe kwambiri.

Wina anganene kuti zonsezi sizinkakhudza thanzi la khungu, kuti mafutawo anali ofuna kuoneka bwino kapena njomba ya ogwetsana kuti aziterereka m'manja mwa anzawo. Za kuoneka bwinozo n'zoona ndithu; Agiriki ankasirira thupi lonyezimira ndipo sankabisa. Koma za njombazo zikutsutsidwa ndi fumbi lija. Munthu wofuna kuterera sangadziwaze chinthu chopha kutererako. Lucian, mlembi wa m'zaka za m'ma 100 AD, analemba zokambirana zopeka pakati pa Solon wa ku Athens ndi mlendo wotchedwa Anacharsis, amene akudabwa kuona anyamata akudzidetsa dala, ndipo Solon akumufotokozera kuti mafuta amafewetsa khungu, pamene fumbi limathandiza kuti munthu agwirike komanso limachepetsa thukuta. Philostratus, polemba za kuphunzitsa masewera m'zaka za m'ma 200 AD, anasiyanitsa mitundu isanu ya fumbi, uliwonse ndi ntchito yake: la dongo loyeretsa, la mapale lotulutsa thukuta, lina lotenthetsa thupi, ndi mitundu iwiri yofewetsa khungu. Kaya ankalondola kaya ayi, anthuwa ankasankha fumbi mosamala monga mmene ankasankhira mafuta. Amene akufuna kuona masewera omwe kuterera ndiko cholinga apite ku Edirne, m'dziko la Turkey, kumene ogwetsana a Kırkpınar amathirana mafuta a azitona thupi lonse popanda fumbi, mpaka pogwira pamasowa ndipo amachita kulowetsa dzanja m'kabudula wachikopa wa mnzawo. Za m'mabwalo a Agiriki sizinali choncho.

Ngati mafuta ndi fumbi zinali zida za ntchito, ndiye ntchito ikatha zinayenera kuchoka, ndipo apa m'pamene pali mtima wa nkhaniyi. Agiriki a nthawi imeneyo sankasamba ndi sopo. Ngakhale Pliny wamkulu, mlembi wachiroma amene anamwalira mu 79 AD, anatchula sopo ngati chinthu cha anthu a ku Gaul chofiiritsira tsitsi. Madzi okha sachotsa mafuta. Koma mafuta amasungunula litsiro la mafuta anzake, fumbi limayamwa zonsezo, ndipo mpeni wosathwa wa chopalira umakokolola phala lonse pamodzi ndi khungu lakufa, n'kusiya kamafuta kochepa koti thupi lisatuwe. Munthu wochita zimenezi kamodzi pa mwezi sakanaona kusiyana, koma wobwera pabwalo tsiku lililonse akanati azigona ndi phalalo, thupi likanadzaza zidzolo ndi zithupsa. Amisiri osema, omwe ankaona ndi maso awo zochitika pabwalo, anazindikira kufunika kwa mphindi imeneyi. Cha m'ma 330 BC, Lysippos anapanga chifanizo cha mkuwa cha mnyamata, osati akuthamanga kapena kulandira nkhata, koma atatambasula dzanja akudzipala. Patapita zaka mazana atatu mkulu wina wachiroma, Agrippa, anachiimika kutsogolo kwa nyumba zake zosambira ku Rome, ndipo mfumu Tiberius itachikonda n'kuchisamutsira kuchipinda kwake, anthu anachita phokoso m'bwalo la zisudzo mpaka inachibweza. Chosema cha mwala chotengera chimenechi chinapezeka ku Trastevere, mumzinda wa Rome, mu 1849, ndipo chili ku Vatican.

Chitsutso cholemera kuposa chija n'chakuti anthuwa sankadziwa za tizilombo toyambitsa matenda, ndipo zina zimene ankachita ndi phala lopalidwalo n'zochititsa nseru. Sankalitaya. Linkasonkhanitsidwa n'kugulitsidwa ngati mankhwala. Lamulo la bwalo la masewera la mumzinda wa Beroia ku Macedonia, lolembedwa pamwala m'zaka za m'ma 100 BC, limatchula munthu amene wagula ufulu wotolera phalalo, n'kumulamula kuti apereke mlonda wa pabwalopo. Pliny analemba kuti oyang'anira mabwalo ena anagulitsapo zopalidwazi pa masesitesi (ndalama zachiroma) 80,000, ndipo sing'anga Dioscorides anaziika m'gulu la mankhwala opaka potupa ndi m'mfundo zowawa. Palibe chifukwa chowaikira kumbuyo pamenepa: litsiro la munthu wina si mankhwala. Mafuta a azitona nawonso satchinga dzuwa mokwanira, ndipo mchenga umene anthu makumi ambiri ankagubudukapo sunali waukhondo. Komabe onani amene ankagula phalalo. Anali odwala ndi anthu wamba, okhulupirira kuti mphamvu za katswiri zatsalira m'zimene zachoka pathupi pake, pamene katswiriyo ankangofuna kuti zimuchoke. Malonda ogulitsa zodzola pogwiritsa ntchito dzina la wamasewera anayamba kalekale chonchi, ndipo kukula kwa malondawo ndi umboni winanso wakuti pabwalo lililonse aliyense ankadzipala.

Mabwalo aja atatha kumapeto kwa ulamuliro wa Aroma, mwambo wonse wa mafuta, fumbi ndi chopalira sunabwererenso pamodzi. Masewera atayambanso kukonzedwa m'zaka za m'ma 1800, ntchito zimene mafuta a azitona ankagwira okha zinagawanika. Matthew Webb, woyamba kusambira kuwoloka English Channel mu 1875, anadzipaka mafuta a nyama ya m'nyanja, ndipo Gertrude Ederle, mkazi woyamba kuchita zomwezo mu 1926, analowa m'madzi atapakidwa mafuta thupi lonse. Osambira a lero amadziwa kuti mafuta oterewa sateteza kwenikweni ku kuzizira. Phindu lake n'loti m'khwapa ndi m'khosi musasupuke ndi madzi amchere. Vaseline, amene Robert Chesebrough anamulembetsa mu 1872, anatenga ntchito yomweyo kwa othamanga mitunda yaitali, ndipo ankhonya amamupaka pankhope kuti nkhonya iziterera m'malo mong'amba khungu, ngakhale woyimbira amalamula kuti apukute akachulutsa. Zoteteza ku dzuwa, zimene Agiriki analibiretu, zinayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, ndipo pa zonse zatsopano izi ndizo zinawonjezeradi chinthu chimene kale panalibe.

Pa masewera amene khungu limakhudzana ndi khungu, vuto lenileni likadali la zimene zatsalira pathupi masewera akatha. Ogwetsana a masiku ano amavutika ndi chipere, matuza opatsirana ndi zithupsa za mabakiteriya, ndipo ku United States ogwetsana a m'masukulu ndi m'makoleji amayamba aunikidwa khungu asanaloledwe kupikisana. Wopezeka ndi chilonda chopatsirana amakhala panja. Malangizo amene madokotala awo amapereka satchula kwambiri za mafuta odula. Amati wamasewera asambe ndi sopo akangotsika pamphasa, asakhalitse m'zovala zonyowa ndi thukuta, mphasayo izitsukidwa ndi mankhwala, ndipo thaulo ndi lezala asabwerekane ndi mnzake.