Kale kanema ankatsata anthu kumudzi, lero mphoto zikuwasiya

Chaka chikamayamba, mawailesi ndi masamba a intaneti amadzaza ndi nkhani za mphoto za mafilimu, makamaka za Oscar zomwe amapereka ku Los Angeles. Nkhanizi zikafika kumadera ngati Chipera, m'boma la Maravia ku Tete, zimakumana ndi mawu amene tinazolowera kumva: akuti kanema wabwera dzulodzuloli ndi mafoni ndi magetsi a sola, ndipo za mphoto n'za eni ake akunja. Mbiri ikukana zonse ziwiri.

Kanema woyendayenda ndi wakale m'chigawo chino. Pakati pa 1935 ndi 1937, ntchito ya Bantu Educational Kinema Experiment inkayenda ndi galimoto kuonetsa mafilimu ophunzitsa, ndipo inafika ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Kuyambira 1948 mpaka 1963, Central African Film Unit inkajambula mafilimu a zaulimi ndi zaumoyo. Amuna opita kumigodi ya Rhodesia ndi Joni ankaonera mafilimu a makauboyi m'makomboni. Ku Mozambique, nyumba za kanema zinali m'mizinda ngati Lourenço Marques ndi Beira, kutali ndi mlimi wa ku Maravia.

Zinthu zinasintha dziko la Mozambique litalandira ufulu pa 25 June 1975. Pofika 1976, boma la Samora Machel linali litakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema ku Maputo. Anthu ambiri sankadziwa kuwerenga ndipo wailesi yakanema kunalibe, choncho chithunzi choyenda chinali njira yolankhulira ndi mtundu wonse. Mu 1978 kunayamba Kuxa Kanema, nkhani za mphindi pafupifupi khumi zojambulidwa pafilimu, zomwe zinkaonetsedwa m'nyumba za kanema komanso kumidzi kudzera pa magalimoto onyamula makina ndi chinsalu. Akatswiri otchuka a ku France, Jean Rouch ndi Jean-Luc Godard, anabwera kudzagwirako ntchito. Ruy Guerra anajambula Mueda, Memória e Massacre, yonena za kuphedwa kwa anthu ku Mueda mu 1960, ndipo mu 1987 José Cardoso anatulutsa O Vento Sopra do Norte. N'zoona kuti zambiri zinali uthenga wa boma. Komabe mfundo yake inali yolemekeza munthu wakumudzi: kanema ndiye ayende kumupeza.

Nkhondo yapachiweniweni inadula ulendowu. Misewu inakhala yoopsa, magalimoto anaima, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri mwa iwo ochokera ku Tete. Kenako mu 1991 moto unabuka panyumba yaikulu yokonzeramo mafilimu ku Maputo. Unawononga zipinda zogwiriramo ntchito ndi makina amene anasonkhanitsidwa kwa zaka zoposa khumi. Gawo lina la mafilimu akale linapulumuka, koma ntchito yojambula Kuxa Kanema sabata ndi sabata sinadzukenso. Mtendere utabwera mu October 1992, dziko linali ndi mabala ambiri ofuna kupoletsa, ndipo nzeru za chuma za nthawiyo zinkati chilichonse chidzilipirire chokha. Nyumba za kanema zinagulitsidwa, zina n'kusanduka matchalitchi. Ojambula anatsala ndi luso lawo, koma njira yofikira kwa anthu inali itafa. Apa m'pamene zinalakwikira, ndipo sizinakonzedwebe.

Mpata umene unatsala anautseka ndi anyamata a mavidiyo. Aliyense amene anafikapo pamisika ya m'malire mwa Tete, Malawi ndi Zambia akuchidziwa chisakasa chija: mabenchi a matabwa, jenereta ikulira kuseri, sipika yopachika pamtengo kuti nkhonya za m'filimu zizimveka mpaka kwa amayi ogulitsa mandasi, ndi mwana akusuzumira pampata wa bango chifukwa alibe yapakhomo. Anayamba ndi matepi, kenako madisiki, lero ndi mamemore khadi. Ku Malawi kunabuka omasulira amene amaika mawu a Chichewa pa mafilimu a ku China, India ndi America, ndipo ntchito yawo imadutsa malire mosavuta. Anthuwa anazindikira msanga kuti woonera amafuna kumva chilankhulo chake.

Nthawi yomweyo mafilimu athu anayamba kupambana kunja. Mu 2016 Joyce Mhango Chavula analandira mphoto ya filimu yabwino ya kumwera kwa Africa pa mpikisano wa AMVCA ku Nigeria ndi filimu yake ya Lilongwe. Mu 2018 Shemu Joyah anatenga mphoto yomweyo ndi The Road to Sunrise, yomwe inakhalanso filimu yoyamba imene Malawi anatumiza ku Oscar. Mozambique inali itatumiza yake yoyamba mu 2017: Comboio de Sal e Açúcar ya Licínio Azevedo, yomwe inapambananso mphoto yaikulu ya ku Carthage m'dziko la Tunisia. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor anatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ndipo dziko la Britain ndi lomwe linaitumiza ku Oscar.

Mwa zonsezi, ine imene imandigwira mtima ndi ya Azevedo. Ikukamba za sitima yochoka ku Nampula kulowera ku Malawi nkhondo ili mkati, amayi atanyamula mchere kuti akasinthanitse ndi shuga, njanji ikukonzedwa pang'onopang'ono kutsogolo kwawo. Siikometsa msilikali wa mbali iliyonse. Ya Ejiofor nayo ndi yokoma, ndipo ngakhale Chichewa cha osewera ena chimamveka chachilendo, kumva chilankhulo chathu chikunyamula filimu yoonedwa padziko lonse ndi chinthu chachikulu.

Koma Comboio ili m'Chipwitikizi, ndipo ya Kamkwamba ili pa Netflix, komwe kumafuna mabando a intaneti ndi ndalama za mwezi uliwonse. Gogo wa ku Chipera amene anathawapo nkhondo ndiye woyenera kuweruza ngati filimu ya sitima ija yanena zoona, koma ndiye amene ili naye kutali. Ojambula athu, pamene akulemba bajeti yopitira kumipikisano, aikeponso ndalama yomasulira filimuyo m'zilankhulo za anthu, ndipo agwirizane ndi eni zisakasa za mavidiyo pa mtengo umene onse angapindule nawo. Oonera alipo kale, ndipo amalipira pakhomo tsiku lililonse.