MHANGURA: MUDZI WA MACHONA

Acinyamata anzathu, kodi munamvapo agogo akuchula mbale wao amene anapita ku Halale osabwelanso? Anthu otele makolo anali kuwacha machona. Tiyeni tione kumene ena a iwo anathela.

Kumpoto kwa Chinhoyi, m'dziko la Zimbabwe, kuli katauni kochedwa Mhangura, dzina la Cishona lotanthauza mkuwa. Mgodi wa mkuwa unatsegulidwa kumeneko m'zaka za m'ma 1950, m'nthawi ya Federation, ndipo azungu anali kupachula kuti Mangula.

Nanga anali kukumba mkuwawo ndani? Ambili anali alendo ocokela ku Nyasaland, ku Mozambique ndiponso kuno kwathu, makamaka cigawo ca Fort Jameson, imene lelo ndi Chipata. Msonkho wa atsamunda unali kufuna ndalama, koma ndalama kumudzi kunalibe. Motelo amuna anali kunyamuka, ena wapansi, ena pa malole a boma la Southern Rhodesia ochedwa Ulere, cifukwa anali kukwela osalipila.

Alendowa sanapite manja okha. Anatenga cinenelo cao, magule ao monga gule wamkulu, ndi mapemphelo ao. Ayao anamanga mizikiti, ndipo mpingo wa CCAP unakula m'dzikomo pakati pa anthu ocokela ku Malawi. Ambili anakwatila komweko nabeleka ana.

Mu 2000 mgodi unatsekedwa, mtengo wa mkuwa utatsika. Eni dziko anali ndi midzi yobwelelako. Koma mwana wa mchona akanapita kuti? Kwao kwa atate ake sanakuoneko, ndipo pa citupa cake panalembedwa kuti ndi mlendo. Lamulo la mu 2001 linacititsa kuti ambili otele ataye unzika ndi ufulu wovota. Malamulo akulu a dziko a mu 2013 ndiwo anavomela kuti wobadwila m'Zimbabwe kwa kholo locokela m'maiko a SADC ndi nzika.

Tsono inu acinyamata, mukakumana m'gulu lanu sabata ino, funsanani: ndani wa m'banja mwathu anachona? Pitani kwa agogo akali moyo, mulembe maina ndi midzi imene adzachula. Mwina tsiku lina mdzukulu wa ku Mhangura adzafika pakhomo panu kufunafuna kwao. Kodi mudzamzindikila kuti ndi mbale wanu?