Kupuma, kulema ndi kuguga

Mneni woti kupuma ali ndi ntchito ziwiri m'Chichewa. Munthu amapuma mpweya, ndipo munthu yemweyo amapuma akatula khasu n'kukhala pamthunzi. Tsinde lake, -pum-, ndi lakalekale: Atumbuka a kumpoto kwa Kasungu amati kupumula, Azulu amati phumula, Aswahili ali ndi pumua ndi pumzika. Makolo sanaone chifukwa chosiyanitsira ziwirizi, poti woleka kupuma mpweya amagwa pomwepo, woleka kupuma ntchito amagwanso, kungoti mochedwerapo.

Tsono funsani mlimi wa fodya ku Chamama, ku Santhe kapena kwa Wimbe kuti amapuma mwezi uti. Chilimwe chili pakati iye ali kudambo, akuthirira nazale m'mawa ndi madzulo. Mvula yoyamba ikagwa awokere, athire feteleza, apalire, adule mitu. Kuyambira Januwale ndi kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa. Wa fodya wochiza ndi moto amachezera pa balani pafupifupi sabata yathunthu, kuopa kuti moto ungazime kapena kupyola muyeso. Kenako kusankha masamba, kudinda mabelo pa jeke, n'kudikira msika wa Chinkhoma womwe umatsegulidwa cha mu Epulo. Ndalama isanathe kulowa, nazale ina yaitana kale. Mawu oti tchuthi, omwe tinabwereka kwa amalonda achimwenye, mlimiyu amawayesa a aphunzitsi ndi a m'maofesi.

Pa kutopa sitichedwapo. Wotopa akadya nsima n'kugona, mawa amadzuka ali bwino.

Mawu ofunika kuwasenda bwino ndi kulema. Agogo akati "ndalema" akunena zoposa kutopa: thupi lasanduka katundu woti mwini wake alinyamule. Patsinde lomweli, -lem-, pamera kulemera kwa belo, kulemedwa kwa wolisenza, kulemera kwa mwini chuma, ngakhalenso ulemu ndi kulemekeza, poti timalemekeza munthu amene mawu ake sapepuka. Apa ndiye pali msampha wa m'dera la fodya. Munthu amafuna kulemera kuti alemekezedwe, ndipo kulema amakuona ngati msonkho wake. Wodandaula amatchedwa mlesi, choncho abambo amangoti zii, amayi omwe akachoka kumunda amakayambanso zapamoto ndi kumjigo amangoti zii.

Kutsogolo kwa kulema kuli kuguga. Mawuwa timawanena za nthaka yomwe yalimidwa chaka ndi chaka mpaka feteleza sagwiranso. Mlimi wa ku Kasungu nthaka yotere amaidziwa ali patali: mbewu zopinimbira, masamba achikasu, kaufiti ali waa m'chimanga. Amadziwanso mankhwala ake, kasinthasintha wa mbewu kapena kuusiya munda ukhale tsala, mawu ochokera ku kutsala. Chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti munthu wodziwa kuwerenga nthaka chotere sadziwerenga yekha.

Mu 2019 bungwe la WHO linalemba vuto lomwe Azungu amati burnout m'kaundula wake, ngati chotsatira cha kupanikizika kwa pantchito kosapatsidwa polekera. Linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kuipidwa ndi ntchito yomwe unkaikonda, ndi kulephera kuigwira bwino monga kale. Kwathu zimaoneka motere: wagona usiku wonse koma wadzuka wolema, wayamba kukalipira ana popanda chifukwa, wasakaniza magiredi omwe kale unkawasiyanitsa ndi diso limodzi, kachasu wasanduka mankhwala a tulo. Pamenepo nthaka yayamba kuguga.

Koma si kufooka konse komwe kuli kwa ntchito chabe. Wothyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula amalowedwa chikonga kudzera pakhungu, n'kumva chizungulire, mutu ndi mseru. Ameneyo achoke m'munda, asambe, asinthe zovala, ndipo zikapitirira apite kuchipatala.

Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati wolembedwa ntchito asapitirire masiku asanu ndi limodzi otsatizana popanda kupuma maola 24, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Eni maesiteti alitsate lamulolo ngakhale m'nyengo yothyola. Koma mlimi wodzilimira yekha alibe kapitawo womuuza kuti weruka. Mawu ena a mpumulo, kuusa, masiku ano timawamva kwambiri pamaliro, tikamati mzimu wawo uuse mumtendere, ndipo si bwino kuti munthu ayambe kuusa tsiku limenelo. Inu a ku Chulu ndi ku Mtunthama, pokonza za nyengo ikubwerayi limani maekala omwe manja a pakhomo panu angathe, muzisinthana pochezera pa balani, ndipo tsiku limodzi pa sabata likhale lopuma kwa onse, amayi ndi ana omwe.