Chikhristu Chomera m'Malinga: Kuchokera ku Bandawe Kufika ku Dwambazi

Anthu a m'mphepete mwa nyanja adamudziwa Mulungu kalekale. Achewa ankati Chauta, Atonga ankati Chiuta. Koma m'zaka za m'ma 1800 dera lino lidakhala pakati pa moto uwiri. Kummwera, ku Nkhotakota, Jumbe ankaolotsa akapolo panyanja, ndipo David Livingstone adaona yekha malondawo mu 1861. Kumapiri kunali nkhondo ya Angoni a M'mbelwa. Dwambazi, kumalire a Nkhotakota ndi Nkhata Bay, ali pakati penipeni pa zonsezi.

Amishoni a Livingstonia nawo adabwera kuno ali olema. Ku Cape Maclear, kumene Robert Laws ndi anzake adayambira mu 1875, malungo adawadzazira manda, ndipo pofika 1881 wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Chaka chomwecho adasamukira ku Bandawe. Adapeza Atonga atadzipanikiza m'malinga, ngati la mfumu Marenga, kulima kutali kuli kosatheka chifukwa cha mantha. Chimene Atonga ankafuna kwa Azungu chinali mfuti. Laws adakana.

Apa mpomwe mtima wanga umaima. Mabuku ambiri amatamanda Laws, ndipo nzoona adali munthu wolimba mtima. Koma ine ulemu waukulu ndimaupereka kwa William Koyi, Mxhosa wophunzira ku Lovedale, amene adafika m'dziko muno mu 1876. Chinenero chake chinali chofanana ndi Chingoni, motero ndiye adakwera phiri kukakhala ku Njuyu mu 1882, pakati pa anthu amene aliyense kunyanja ankawathawa. Zaka zidapita mafumu osalola sukulu. Koyi adangokhalabe, kuchezera anthu, kumva milandu yawo, kupirira chipongwe ndi ziopsezo, thupi likufooka. Chilolezo cha sukulu chidabwera mu 1886, chilala chitatha, ndipo Koyi adamwalira chaka chomwecho. Zipatso sadazidye. Komabe pamene nkhondo idatsala pang'ono kugwera Bandawe mu 1887, Laws adatha kukhala pansi ndi M'mbelwa chifukwa njira idali italambulidwa kale ndi munthu wakuda uja. Mu 1890 Mawelera Tembo ndi Makara Tembo adabatizidwa, Angoni oyamba. Kodi pakadapanda kupirira kwa Koyi, midzi ya kunyanja ikadatuluka liti m'malinga?

Itatuluka, Atonga adathamangira sukulu ndi tchalitchi mwa njala yodabwitsa. Mavuto adangosintha nkhope: msonkho wa atsamunda, amuna kupita ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, ndi amishoni ochedwetsa ubatizo zaka ndi zaka. Nchifukwa chake Elliot Kamwana adabatiza anthu zikwizikwi mu 1908 ndi 1909 boma lisanamuthamangitse. Yesaya Zerenji Mwasi, wodzozedwa ubusa mu 1914, adatuluka mu 1933 nayambitsa mpingo wakewake. Ena amawatcha opanduka. Ine ndimaona anthu amene chikhulupiriro chawo chidakula mpaka kukana kunyozedwa.

Lero ku Dwambazi mdani si mkondo. Ndi mwera wogubuduza bwato la asodzi a usipa, maliro amene Edzi idatisiyira, ndi madzi osefukira ngati amene adagwetsa nyumba ku Dwangwa mu February 2024. Pa zonsezi oyamba kufika ndi amayi a Umanyano ndi a mabungwe a mipingo ina, atasenza ufa wa kondowole ndi nkhuni, kukagona pasiwa akuimba mpaka mbandakucha. Ntchito ya Koyi ndi imeneyo, kukhala pamene pali povuta osachokapo.

Inu achinyamata a ku Dwambazi, agogo amene amakumbukira aphunzitsi ndi alaliki oyamba a m'midzi mwathu akutha. Pitani mukawafunse maina a anthu amenewo, muwalembe m'mabuku a mpingo chaka chino.